Ngati mwatenga ana a malemu, yambirani apa

Pa maliro a achemwali anga aliyense amene anaimirira ananena mawu amodzimodzi, ana awa si amasiye ife tilipo. Anatero atsibweni, anatero a kuchimuna, anatero a mpingo, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo ankanenadi kuchokera pansi pa mtima. Koma itangotha miyezi iwiri foni yanga inangoti zii, ana atatu ali kwanga m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuno ku Lilongwe, ine ndili kale ndi anga awiri, bambo a ana atatuwo anali atatsogola kale zaka zingapo m'mbuyomo. Anawa ndi anga ndipo olo zitachitikanso lero ndikhoza kuwatenganso, koma pali zinthu zimene ndikanakonda wina akanandikhazika pansi n'kundiuza sabata yoyamba ija, zina ndinazidziwa mochedwa zitandipweteka kale. Ndiye ndati ndilembe mwatsatanetsatane kuti mnzanga amene zamugwera lero asayende mumdima ngati ine.

Choyamba, musabalalike musanakambirane. Tsiku losesa lija anthu amakhala atatopa, a m'tauni akuthamangira minibasi, a ku Joni akuwerenga masiku a tchuthi, ndiye nkhani ya ana imangonenedwa mothamanga kuti tidzakambirana pa chiliza. Musalole. Chiliza chimatha chaka kapena zaka ziwiri chisanamangidwe pomwe mwana akufuna nsima madzulo omwewo. Khalani pansi mbali zonse ziwiri, a kuchikazi ndi a kuchimuna, ankhoswe akhalepo, mwini mbumba akhalepo, ndipo muitane munthu mmodzi wapadera ngati amfumu kapena mkulu wa mpingo kuti akhale mboni. Mafunso ake ndi ochepa koma ayankhidwe ndi maina a anthu, mwana uyu akukakhala kwa ndani, fizi alipira ndani, mapepala asunga ndani, munda alima ndani, nyumba ayang'anira ndani. Yankho loti tonse tizithandizana musalilandire, tonse alibe nambala ya foni. Mugule kope la sukulu wamba, wina alembe zimene mwagwirizana, onse asayine kapena adinde chala, mujambule tsambalo pa foni n'kuliponya pa gulupu ya WhatsApp ya banja. Ife izi sitinachite, ndipo pamene ndinayamba kukumbutsa anthu za fizi aliyense ankakumbukira zosiyana.

Pa nkhani ya kumene ana apite, mwambo umanena zake. Kwathu kwa a chikamwini ana ndi a kwa mayi ndipo atsibweni ndi amene amakhala ndi mawu, kwa anzathu a lobola monga kumpoto ndi ku Lower Shire ana amawerengedwa a kwa bambo. Mwambo ulemekezedwe, koma funso lalikulu likhale loti mwanayu akasamalidwa bwino kuti, akadya kuti, akapitiriza sukulu kuti, ndipo malamulo a dziko nawo amayang'ana pomwepo, ubwino wa mwanayo. Komanso ngati kholo limodzi lili moyo musalilande ana chifukwa choti mwambo wa kusudzula wachitika, bambo kapena mayi amene watsalayo ndi kholo basi, ngati palibe nkhanza kapena vuto lina lalikulu ntchito yanu ndi kumuthandiza osati kumuchotsera ana pamene wangotaya kumene mnzake.

Anawo afunseni. Mwana wa zaka 10 amadziwa bwino nyumba imene amaiopa ndi imene amamasukako, kungoti sanganene pa gulu la akuluakulu, ndiye mutumeni munthu amene amamukhulupirira akacheze naye kuseri. Ndipo chonde yesetsani kusawagawa ngati mmene timagawirana zovala za malemu, uyu atenge wamkulu chifukwa athandiza ntchito, uyu atenge wamng'ono chifukwa sadya zambiri. Ana amene ataya mayi chimene chawatsalira ndi iwo okhaokha. Ndikudziwa kuti nthawi zina sizitheka, chuma chake ndi chimenechi, munthu mmodzi sangathe ana asanu, ndiye ngati agawidwa apite awiriawiri, ndipo mulembe m'kope muja kuti tchuthi cha Disembala ndi cha Ogasiti azikumana pakhomo limodzi, thiransipoti yake achotsa ndani.

Musanakweze dzanja kuti ine nditenga, muyambe mwagwirizana ndi amuna anu kapena akazi anu, panokha awiri, osati kuwadzidzimutsa pa bwalo pomwe sangakane. Munthu amene wavomera chifukwa cha manyazi mkwiyo wake amakautulira pa mwana.

Chachiwiri, mwana muuzeni zoona. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Chitsiriza wa achemwali anali ndi zaka 4, pa maliro anamutengera kwa aneba kuti asaone bokosi, ndipo akafunsa tinkangoti amayi apita kuchipatala abwera. Titabwera naye kuno, madzulo aliwonse dzuwa likamalowa ankatuluka kukakhala pa mwala umene uli pafupi ndi geti, atavala masilipasi mosemphanitsa, kuyang'ana kumene anthu amatsikira minibasi, mzimayi aliyense wovala chitenje chobiriwira akatulukira iye n'kuimirira. Anachita zimenezi pafupifupi mwezi wathunthu ine ndikungoti azolowera. Tsiku lina ndinakakhala naye pa mwala pomwepo n'kumuuza kuti amayi anamwalira, anadwala kwambiri thupi lawo linasiya kugwira ntchito, sabweranso, si chifukwa cha iwe, ndipo ine ndi amene ndizikusamala tsiku lililonse. Analira, nanenso ndinalira, anafunsanso funso lomwelo mawa lake ndi mkuja wake ndipo ndinkayankha chimodzimodzi, koma pa mwala paja anasiya kupitapo. Mawu oti apita ulendo, agona, Mulungu wawatenga chifukwa amawakonda, kwa mwana wamng'ono amasokoneza, wina amayamba kuopa kugona, wina amadikirira. Nenani mawu enieni mofatsa.

Mukatero yembekezerani kuti chisoni cha mwana sichibwera ngati cha munthu wamkulu. Wina amayambanso kukodza pogona pomwe anasiya kalekale, wina amakhala wolusa kumenya anzake, wina amabisa chakudya pansi pa pilo, wina amangokhala phee kumachita chilichonse mwaulemu wopitirira, ameneyo ndiye muzimuyang'anitsitsa chifukwa nthawi zambiri akuopa kuti akalakwitsa mumubweza. Musamukwapule chifukwa cha mphasa yonyowa, yanikani mwakachetechete ena asanadzuke. Pogawana zovala za malemu mumusungire mwana aliyense kanthu, chitenje chimodzi, mpango, Baibulo, chithunzi. Wachiwiri wathu mpaka lero amafunda chitenje cha mayi ake pamwamba pa bulangete, chinachita kusuluka, sindinachigwirepo kupatula pochapa. Ndipo dzina la malemu lisakhale loletsedwa m'nyumba, muzinena kuti mayi ako ankakonda chigwada chotendera, ankaseka chonchi, kusukulu anali katswiri wa netibo, ana amafuna kumva zimenezo.

Chachitatu ndi mapepala, ndipo izi muchite sabata yomweyo katundu asanayambe kuyenda. Pezani chikwama cha pulasitiki chotseka bwino muikemo chilichonse, chiphaso cha unzika cha malemu, mabuku a kuchipatala a ana onse, makadi a sikelo, malipoti a kusukulu, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, mapepala a puloti kapena a nyumba, makadi a ku banki, kalata ya ntchito, mapepala a penshoni. Foni ya malemu ndi simu kadi yake musapatse mwana wa mlongo wanu kuti azigwiritsa ntchito, mmenemo mumakhala ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, mumakhala mauthenga a anthu amene anakongola kwa malemu ndi amene malemu anawakongola. Ngati anali mu banki nkhonde pitani kwa atcheya a gululo mukamve za masheya awo ndi ngongole yomwe, nthawi yogawana isanakwane.

Kenako setifiketi ya imfa. Ngati anamwalirira kuchipatala pepala loyambira limachokera komweko, ngati anamwalirira kunyumba mumayambira kwa amfumu, ndipo zonse zimakathera ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso za unzika ija, imene imapezeka kwa DC. Anthu ambiri timaizengereza chifukwa timaona ngati maliro atha basi, koma popanda pepala limeneli ku banki sakumverani, kuntchito kwa malemu sakumverani, ndipo ena opereka thandizo la sukulu amalifunsa. Muli komweko funsani za setifiketi za kubadwa za ana ngati alibe, ndipo amene wakwanitsa zaka 16 akalembetse chiphaso cha unzika. Chenjerani ndi maina, dzina limene lili pa setifiketi ya kubadwa likhale lomwelo kusukulu ndi pa mayeso a MANEB, kalembedwe kake komwe. Musamusinthe mwana dzina la bambo ake n'kumupatsa lanu chifukwa choti akukhala kwanu, zimadzavuta patsogolo pa nkhani ya chuma cha makolo ake komanso dzinalo ndi lake. Chilichonse muchite fotokope, kope imodzi isungidwe kwa mbale wina, chifukwa nyumba zimapsa ndipo madzi amalowa, tinaona tonse mmene namondwe wa Freddy anakokololera zinthu mu Malichi 2023.

Pitaninso ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu mukadziwitse kuti ana awa ali m'manja mwanu. Ambiri timangolera mwachibale popanda pepala lililonse ndipo masiku ambiri zimayenda, koma tsiku lofuna pasipoti, kapena lotenga mwana kudutsa naye malire kupita ku South Africa kapena ku Zambia, kapena lokatenga ndalama zake, adzakufunsani kuti inu ndinu ndani kwa mwanayu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola khoti kukuikani kukhala womuyang'anira mwana mwalamulo, a Social Welfare akuuzani poyambira.

Chachinayi, chuma cha malemu. Apa ndi pamene mabanja amaphwasukira ndiye ndinene mosabisa. Kuyambira 2011 tili ndi lamulo la chuma cha masiye, ndipo limati oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake, kuphatikizapo ana obadwira kunja kwa banja, komanso amene ankadalira malemuyo. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo, si nkhani ya m'banja yongokambirana pansi pa mtengo ayi. Kugawana zovala ndi mwambo palibe vuto, koma nyumba, puloti, malata, mashini osokera, njinga, mbuzi, ng'ombe, matumba a chimanga, zimenezo ndi za ana. Ife pamene tinkachokera ku manda tinapeza mashini a achemwali atachoka kale, munthu wake sindimutchula, ndipo mashini amenewo ndi amene ankalipira fizi. Ndiye tsiku lomwelo lembani katundu yense m'kope muja pamaso pa mboni, jambulani zithunzi, kiyi asunge munthu mmodzi amene mwagwirizana.

Ngati malemu anasiya wilo itsatidwe. Ngati sanasiye, ndalama za ku banki ndi za kuntchito sizitengedwa ndi aliyense amene wangofika ndi misozi, pamafunika chilolezo cha khoti chosankha woyendetsa chumacho, ndipo poyambira pabwino ndi kwa DC kapena kwa Administrator General. Za penshoni funsani kuntchito kwawo fomu imene malemu analembapo maina a odzalandira. Zimatenga nthawi, mumayenda maulendo angapo, musagwe ulesi ndipo nthawi iliyonse lembani tsiku ndi zimene mwauzidwa. Wina akayamba kuopseza kapena kugulitsa zinthu mwamseri pitani ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya kuli a Legal Aid Bureau amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu osowa.

Tsono mawu awa ndi a inu amene mwatenga ana. Ndalama za ana si malipiro anu olerera. Ndikudziwa mmene zimakhalira, lendi yakwana, ufa watha, ndalama ya ana ili apo, mtima umati ndibwereke ndidzabweza, ndipo umu ndi mmene anthu abwinobwino amathera chuma cha masiye osadziwa. Ikani ndalamazo pa akaunti yapadera yosayinira anthu awiri, mmodzi wa kuchikazi mmodzi wa kuchimuna, chilichonse chotuluka chilembedwe ndipo malisiti a fizi musunge. Chotsala cha chipepeso chilowe momwemo. Ngati nyumba ya malemu mwaikamo munthu wa lendi, ndalamayo ipite ku sukulu ya ana. Munda musagulitse olo zitavuta bwanji, ulimidwe ndi achibale kapena ubwerekedwe chaka chimodzichimodzi amfumu akudziwa kuti eni ake ndi ana a malemu, munda ukangokhala tsala zaka zingapo malire amayamba kuyenda okha. Kope limeneli likutetezaninso inu, chifukwa tsiku lidzafika mwana atakula wina atamunong'oneza kuti anakudyera chuma cha mayi ako, inu mudzangotulutsa kope.

Chachisanu, chipatala. Mwezi woyamba atengereni ana onse akaonedwe, mabuku awo ali m'manja, ndipo werengani zimene zinalembedwamo kale. Ngati makolo anamwalira atadwala nthawi yaitali, kapena simukudziwa bwino chimene chinawatenga, ayezetseni ana HIV komanso muwauze adokotala ngati m'nyumbamo munali chifuwa chachikulu cha TB. Palibe chochititsa manyazi, kuyezetsa ndi kwaulere m'zipatala za boma ndipo mwana amene akumwa ma ARV mwandondomeko amakula, amaphunzira, amadzakwatira ngati wina aliyense. Choopsa ndi choti mwana anali kale pa mankhwala, mayi ake ankasunga chinsinsi, ndiye mayi atapita palibe akudziwa, mankhwala n'kuduka. Fufuzani m'chikwama cha malemu, funsani wamkulu mwa anawo mwakachetechete. Ngati ali pa mankhwala pitani kumene ankalandirira akakupatseni kalata yosamukira ku chipatala cha kufupi ndi inu, ndipo nkhani yomuuza mwanayo chifukwa chimene amamwera mankhwala musaichite nokha mwaukali tsiku limene wakana kumwa, aphungu a kuchipatala amathandiza kumuuza pang'onopang'ono molingana ndi msinkhu, ndipo zipatala zambiri zili ndi ma teen club kumene achinyamata otere amakumana. Nkhaniyi si yolengeza kwa aneba kapena kwa ana anu. Wosakwana zaka 5 apitirize sikelo ndi katemera, ndipo ngati watsala ndi wakhanda woyamwa thamangani kuchipatala tsiku lomwelo akakulangizeni za mkaka, musamuyambitse phala kapena mkaka wa ng'ombe mwa nokha.

Chachisanu ndi chimodzi, sukulu isaduke. Mwana abwerere m'kalasi msanga, olo sabata yachiwiri, chifukwa sukulu ndi chinthu chimodzi chimene chimamuonetsa kuti moyo ukupitirira. Ngati akusamuka katengeni kalata ya transifa kwa ahedi, ndipo kumene akupitako mukaonane ndi aphunzitsi ake panokha muwauze zimene zachitika, kuti akamuona akusinza kapena magiredi atatsika asayambe ndi chibalo. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994 koma tonse tikudziwa kuti yunifolomu, makope, nsapato ndi tindalama tina ndi tina zimafunikabe, ndipo ku sekondale makamaka yogonera komweko ndiye zimachuluka. Funsani ahedi ndi a Social Welfare za ma bursary, kwa atsikana funsaninso ngati a CAMFED amagwira ntchito m'boma lanu, ndipo funsani chaka chisanayambe osati mwana atabwezedwa kale. Amene wafika ku yunivesite alembere ngongole ya boma ya ophunzira, ndipo amene sukulu ya m'kalasi yamukanika musamutaye, kuli maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, ukalipentala, utelala, zamagetsi, zomangamanga. Kwa agogo amene atsala ndi adzukulu kumudzi, kuli Mtukula Pakhomo imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, salemba maina tsiku lililonse koma amfumu ndi a komiti adziwe kuti pakhomo pamenepo zinthu zasintha. Ang'onoang'ono apite ku sukulu ya mkombaphala, agogo apezeko mpata wopuma.

Tsopano za m'nyumba, zimene palibe ofesi ingakuthandizeni. M'Chichewa mwana wa achemwali ako amakutchula amayi aang'ono, mwana wa achimwene amati abambo aang'ono kapena aakulu, ndiye mawu tili nawo kale, chotsala ndi choti mbale ya nsima igwirizane ndi mawuwo. Ana amaona zinthu zing'onozing'ono zimene ife timaganiza kuti sakuona, ndani wapatsidwa ntchafu ya nkhuku ndani chipalapaso, ndani wagulidwa nsapato za m'shopu ndani za pa kaunjika, ndani amadzutsidwa 5 koloko kukoleza mbaula ena ali m'tulo. Ngati ndi kaunjika onse kaunjika. Ngati kulibe shuga onse amwe tiyi wopanda shuga. Ntchito za pakhomo zilembedwe pa khoma mwa masiku, dzina la mwana wanu wobereka likhalepo pa tsiku lotsuka mbale ndi lokolopa chimodzimodzi. Ndipo ngati munali ndi mtsikana wantchito musamuchotse chifukwa choti kwabwera mwana wa malemu wa zaka 13, ndaziona m'makomo ambiri ndipo zimandiwawa, mwana amabwera m'tauni ndi lonjezo la sukulu n'kuthera kulera ana a anti ake.

Pakamwa pasamalidwe. Mudzakwiya, ana amalakwa, ndipo kuwadzudzula muziwadzudzula ngati anu chifukwa kumusiya mwana osamulangiza poopa kuti anthu anena ndi tsankho lomwe. Koma pali mawu amene asatuluke olo mutapsa mtima bwanji, monga kuti ndikubweza kumudzi, kuti ukudya zanga zaulere, kuti n'chifukwa chake mayi ako, kuti ndinalakwa kukutenga. Mwana wobereka ukamukalipira amadziwa kuti mawa ali pomwepo, uyu sadziwa. Alendo akabwera musamati awa ndi anga awa ndi amasiye aja, ingonenani kuti ana anga ndi awa. Ine tsiku lina ndinamva mwana wanga weniweni akuuza mnzake wa achemwali kuti kuno si kwanu, ndinawakhazika onse asanu pa mkeka n'kufotokoza kuti nyumba ino ndi ya aliyense amene amagona muno, koma usiku ndinamutenganso wangayo payekha, chifukwa nayenso anali atataya bedi lake, theka la chipinda chake ndi theka la mayi ake popanda womufunsa. Ana anu muwapatse nthawi yawo, muwauze zoona kuti ndalama zichepa ndipo chifukwa chake ndi ichi, asamangoona zinthu zikusintha.

Za atsikana ndinene poyera. Mwana wamkazi wamasiye amakhala pa chiopsezo m'nyumba momwe mwamusungamo, kwa asuweni, kwa alamu, kwa alendo ogona, nthawi zina kwa bambo a m'nyumbamo, ndipo sanena chifukwa akuopa kuti akanena asowa kopita. Konzani kogona bwino, atsikana paokha chitseko chotseka, musamusiye yekha ndi amuna akuluakulu masiku ambirimbiri inu muli ku geni kapena kumudzi, ndipo muuzeni ndi pakamwa panu kuti wina aliyense akakugwira mosayenera undiuze, olo akhale ndani, ndidzakukhulupirira ndipo suchoka pano. Anyamata nawonso auzeni zomwezo. Zikachitika musazithere m'banja ndi mbuzi ya chipepeso, thamangirani kuchipatala msanga, kenako ku polisi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana, anawo aidziwe pamtima. Mugulireni mapadi musanadikire kuti apemphe, kupempha kwa anti kapena kwa malume ndi kovuta kuposa kwa mayi. Ndipo wina asabwere ndi nzeru yoti akwatiwe kuti katundu apepuke, malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe olo makolo atavomera.

Chomaliza ndi achibale aja analonjeza. Musadikire kuti akumbukire okha ndipo musawasungire mkwiyo mumtima, apempheni chinthu chodziwika. Mukati thandizani ana munthu amangoti tiona, koma mukati achimwene, inu mutenge fizi ya uyu teremu iliyonse, nayi akaunti ya sukulu mulipire komweko, zimayenda. Amene ali ku Joni kapena ku UK atumize pa Mukuru tsiku lodziwika pa mwezi, amene ali kumudzi alibe ndalama apereke thumba la chimanga kapena mtedza pokolola, wina atenge ana pa tchuthi kuti inu mupumeko. Lipoti la sukulu likatuluka liponyeni pa gulupu, lisiti ya fizi iponyeni, anthu amapereka mosavuta akamaona kumene ndalama ikupita. Ndipo ngati ana atsala ndi agogo kumudzi, inu a m'tauni musamangotumiza sopo pa Khirisimasi, agogo a zaka 70 sangalime munda wodyetsa ana anayi, alipireni aganyu, agulireni feteleza nthawi yake, muziimba foni n'kuyankhula ndi anawo osati agogo okha.

Mbali inayo musaidule, olo munakangana pa maliro. Ana adziwe kwawo kwa bambo awo ndi kwa mayi awo, adziwe azakhali awo, akaone manda akafuna. Nanunso dzisamaleni, mwataya mbale wanu ndipo simunapeze nthawi yolira chifukwa cha mapoto ndi mayunifolomu, pezani munthu woyankhula naye, kaya ku chigwirizano cha amayi kaya mnzanu mmodzi wosunga chinsinsi. Ine nditaona mmene zinavutira ndinalemba wilo yanga, pepala limodzi, ndinasayina pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu, ndinatchulamo ana onse asanu ndi munthu amene adzawatenge ine nditachoka, ndipo munthuyo ndinayamba ndamufunsa iye ndi amuna ake. Kope lathu lija tinadzaligula mochedwa, patatha chaka, titakumananso kumudzi pomanga chiliza, ndipo tsopano timakumana Ogasiti aliyense sukulu zikatsekera, timawerenga zimene zalowa ndi zimene zatuluka ana akuluakulu ali pomwepo akumva. Chaka chino wamkulu uja wakwanitsa zaka 18, ndiye amene azilemba m'kopemo.